Kubisa mapepala akale a pakhoma ndi makatani m'nyumba ya lendi ku Britain: mafunso ndi mayankho

Munthu wochokera ku Malawi kapena ku Zambia akalowa koyamba m'nyumba ya lendi ku Britain, chimodzi mwa zinthu zimene zimamudabwitsa ndi makoma a m'kati. M'malo mwa penti kapena laimu amene tinazolowera kwathu, amapeza makoma omatidwa mapepala, amene eni dziko amawatcha wallpaper, ndipo m'nyumba zambiri zotsika mtengo mapepalawo anamatidwa zaka 30 kapena 40 zapitazo, moti maluwa ake anafwifwa, m'mphepete mwake munayamba kumatuka, ndipo chipinda chonse chimaoneka chakuda ngakhale masana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kwa amene akufuna kuphimba makoma otere ndi nsalu, osawononga ndalama zambiri komanso osayambana ndi mwini nyumba.

Bwanji osangomatula mapepalawo n'kupaka penti?

Ngati nyumbayo ndi yanu, kumatula ndiye njira yokhalitsa. Koma ngati mukuchita lendi, pangano limene munasaina nthawi zambiri limaletsa kusintha maonekedwe a makoma popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ndalama ya dipoziti imene munapereka ndi imene imalipira zilizonse zimene mwini nyumba angati mwawononga. Ku England, kuyambira mu 2019 dipoziti siyenera kupitirira ndalama ya lendi ya masabata asanu pa nyumba zimene lendi yake ya pachaka sifika mapaundi 50,000, komabe masabata asanu si ndalama yoti munthu n'kuitaya chifukwa cha khoma limodzi.

Palinso chifukwa china chimene ambiri amachidziwa mochedwa. Pepala lokhakhala la tizidutswa ta matabwa lotchedwa woodchip, limene Hugo Erfurt anayamba kupanga ku Germany mu 1864 ndipo linafala kwambiri m'nyumba za ku Britain m'zaka za m'ma 1970, kawirikawiri linkamatidwa pofuna kubisa pulasitala wong'ambika. Mukalimatula, pulasitala amatsatira, ndipo ntchito imene munkaiyesa ya Loweruka limodzi imasanduka yofuna mmisiri. Komanso m'nyumba zakale muli makoma ndi masiling'i opakidwa pulasitala yokongoletsa yotchedwa Artex, imene mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980 inkasakanizidwa ndi asbestos, ndipo dzikolo linaletseratu asbestos mu 1999. Fumbi lake limawononga mapapo, choncho chinthu chokhakhala cha mtunduwu m'nyumba yakale sichiyenera kupalidwa kapena kuboledwa musanafunse mwini nyumba ngati chinayezedwapo.

Ndiyenera kuyang'ana chiyani ndisanapachike nsalu iliyonse?

Funso ili ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo ndikupempha kuti musalidumphe. Katani amabisa pepala loipa maonekedwe, koma amabisanso chinyezi, ndipo khoma lachinyezi likaphimbidwa limaipiraipira mwakachetechete. Yambani mwagwira khomalo ndi chikhatho m'mawa kukadali kozizira, makamaka m'ngodya, kuseri kwa bedi ndi kumunsi kwa zenera. Ngati likumveka lonyowa, ngati pepalalo latukumuka kapena lili ndi mizere yachikasu ngati ya tiyi wotayikira, kapena ngati pali timadontho takuda ta chuku, khoma limenelo silofunika katani ayi, likufunika kukonzedwa, ndipo mwini nyumba ayenera kuuzidwa polemba kalata kapena uthenga umene mungausunge, pamodzi ndi zithunzi.

Ine ndinaphunzira zimenezi m'nyumba yoyamba imene tinachita lendi ku Leicester. Chipinda cha kumbuyo chinali ndi pepala la maluwa akuluakulu ofiirira, ndipo mu Okutobala ndinaphimba khoma lake lakunja, limene kuseri kwake ndi panja, ndi makatani olemera awiri, nsalu ikukhudza khoma kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pofika mu Januwale zovala za m'chipindamo zinayamba kununkha chinyontho. Nditakoka katani, ndinapeza ngodya yonse yada bii kuyambira pansi kufika m'chiuno, ndipo kumbuyo kwa nsaluyo kunali madontho amene sanachoke ngakhale nditachapa kawiri. Chimene chinachitika n'chosavuta kumvetsa: mpweya wa m'nyumba, wodzaza ndi nthunzi ya kuphika, kusamba ndi zovala zoyanika, unkalowa kuseri kwa nsalu n'kukakumana ndi khoma lozizira limene kutentha kwa chipinda sikunkalifikanso, ndipo nthunziyo inkasanduka madzi ngati mame a pa udzu.

Nkhani ya chuku si yongokhudza fungo. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale chifukwa chopuma kwa nthawi yaitali mpweya wa m'nyumba yodzaza chuku, ndipo imfa yake inachititsa kuti boma likhazikitse lamulo lotchedwa ndi dzina lake lokakamiza eni nyumba za anthu ovutika kukonza mavuto otere msanga. Choncho khoma loyenera katani ndi louma, makamaka la m'kati limene limalekanitsa zipinda kapena limene mumagawana ndi nyumba yoyandikana nayo. Ngati mukufunitsitsa kuphimba khoma lakunja limene ndi louma, siyani mpata wa masentimita 8 mpaka 10 pakati pa nsalu ndi khoma, nsaluyo isagunde pansi, ndipo muzikoka kataniyo kwa maola angapo pa sabata kuti khoma lipitidwe mphepo.

Kodi ndiphimbe makoma onse anayi?

Ayi. Khoma limodzi, kapena awiri ngati zafika poipa, ndi okwanira. Sankhani limene diso limafikirapo munthu akangolowa pakhomo, kapena limene lili kuseri kwa bedi kapena sofa, chifukwa likaphimbidwa limenelo, maluwa a makoma enawo amasiya kulamulira chipinda. Nsalu ya makoma anayi imadya ndalama zambiri, imachepetsa chipinda mbali zonse, ndiponso imasunga fumbi lochuluka.

Ndigule nsalu yochuluka bwanji?

Yezani m'lifupi mwa khoma ndi tepi yoyezera, kenako muchulukitse ndi 1.5 ngati mukufuna mapindi ochepa, kapena ndi 2 ngati mukufuna kuti kataniyo aoneke wodzaza. Tiyerekeze kuti khoma lanu ndi la mamita 3.6 m'lifupi. Mukachulukitsa ndi 1.5 mupeza mamita 5.4, ndipo popeza makatani ambiri a ku sitolo ya IKEA amakhala a masentimita 145 m'lifupi ndi 250 m'litali, ndipo amagulitsidwa awiriawiri, mudzafunika mapaketi awiri, amene akupatsani mamita 5.8. Musachepetse nsalu mpaka kufanana ndendende ndi khoma, chifukwa nsalu yotambasuka popanda mapindi imaonetsa makwinya onse ndipo imasiya mipata pamene zidutswa zikukumana, n'kumaonetsa pepala lomwe mukufuna kubisalo.

Pa za kutalika, nyumba zambiri zatsopano zili ndi siling'i ya pafupifupi mamita 2.4 kuchokera pansi, pamene nyumba zomangidwa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, zimene zadzaza m'misewu ya Leicester, Nottingham ndi Manchester, nthawi zambiri zimakhala zazitali kuposa pamenepa. Yezani malo atatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, chifukwa pansi pa nyumba zakale sipakhala polingana, ndipo mudule motsatira muyezo waufupi kwambiri. Katani ayambire pafupi ndi siling'i n'kuthera sentimita imodzi kapena ziwiri pamwamba pa kapeti. Katani amene wathera pakati pa khoma amakokera maso ku pepala lotsalalo m'malo molibisa.

Nsalu yotsika mtengo ndingaipeze kuti?

Malo oyamba ndi masitolo a zachifundo monga a British Heart Foundation ndi Oxfam, amene kwa ife ndi kaunjika wa kuno, komanso masamba a pa intaneti monga Facebook Marketplace, Gumtree ndi Freecycle, kumene anthu amene akusamuka amagulitsa makatani aatali motchipa kapena kungopereka ulere. Vuto lake n'lakuti sikawirikawiri kupeza zidutswa zinayi zofanana, koma zimenezi zimatheka kuzikonza poika mtundu umodzi pakati ndi wina m'mbali zonse ziwiri, ndipo zimaoneka ngati munachita kufuna. Pogula za kaunjika, nunkhizani nsaluyo ndipo muiunike padzuwa, chifukwa fungo la fodya silichoka msanga ndipo nsalu imene inapsa ndi dzuwa imang'ambika pochapa.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda kwambiri, ndi mabedishiti. Bedishiti yosasokedwa lamba ya bedi lalikulu imakhala pafupifupi masentimita 275 mbali zonse, kutanthauza kuti ziwiri zokha zimaphimba khoma la mamita 3.6 lija, ndipo m'mphepete mwake ndi mopinda kale. Yachitatu ndi nsalu zathonje zimene amisiri opaka penti amayala pansi, zimene zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira, nthawi zambiri za mamita 3.6 kwa 2.7. Mtundu wake ndi wotuwa ngati wa thumba la ufa, ndi zokhuthala, ndipo zikachapidwa n'kusitidwa zimagwa bwino kuposa mmene mtengo wake ungakuganiziritseni, koma zichapeni musanadule chifukwa zimafupika. Amene akufuna zatsopano angadikire nyengo yotsitsa mitengo pambuyo pa Khirisimasi m'masitolo monga Dunelm, kampani imene inayamba mu 1979 ngati benchi yogulitsira makatani mumsika wa Leicester.

Nanga chitenje chingagwire ntchitoyi?

Chingagwire, ndipo palibe nsalu ina imene imasandutsa chipinda chachilendo kukhala ngati kwanu msanga kuposa chitenje. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba za chipinda chimodzi ku Ndirande kapena ku Kawale mmene chitenje chopachikidwa pa chingwe chinkalekanitsa pogona ndi pochezera, choncho lusoli si lachilendo. Koma pali zinthu zitatu zoyenera kuziganizira musanadule nsalu imene mwina inachokera kutali m'sutikesi ya m'bale wanu.

Choyamba ndi muyezo. Chitenje chimodzi cha mamita awiri ndi chachifupi pa khoma la mamita 2.4, ndipo m'lifupi mwake ndi mita imodzi ndi masentimita 10 kapena 15 basi. Ndi bwino kugula nsalu yosadula ya mayadi 6, amene ndi pafupifupi mamita 5.5, monga mmene amagulitsira m'misika ya ku Brixton ndi Petticoat Lane ku London, chifukwa imeneyo imatulutsa zidutswa ziwiri za mamita 2.7 kapena kuposerapo pang'ono. Ngati muli ndi zitenje za mamita awiri kale, telala angalumikize kumunsi kwake nsalu ya mtundu umodzi ya theka la mita, ndipo mpendero wotero umakongoletsa.

Chachiwiri ndi kumene zithunzi zikuyang'ana. Chitenje chinapangidwa kuti chizivalidwa mozunguliza m'chiuno, choncho mbalame, miphika kapena zilembo zake zimaimirira bwino nsalu ikakhala chopingasa, ndipo mukaipachika choimika, mbalame zonse zimagona cham'mbali. Sankhani chitenje cha mizere, timabwalo kapena masamba chimene chilibe kumwamba ndi kumunsi. Chachitatu n'chakuti khoma lonse la chitenje chowala limatopetsa maso ngati mmene pepala lakale lija linkachitira, choncho ndi bwino kuika zidutswa ziwiri za chitenje pakati n'kuzizinga ndi nsalu yoyera kapena yotuwa. Chichapeni kaye m'madzi ozizira kuti sitachi ndi utoto wotsala zichoke, pakuti utoto wofiira kapena wabuluu ukadetsa pepala la mwini nyumba, mudzalipira ndinu.

Ndingapachike bwanji popanda kuboola khoma?

Yang'anani kaye ngati chipinda chanu chili ndi kathabwa kopingasa kozungulira khoma chakumtunda, kamene m'nyumba zakale kanaikidwa kuti azipachikapo zithunzi. Ngati kalipo, mwapeza mwayi, chifukwa pali ngowe zachitsulo zimene zimangokola pamwamba pake popanda msomali, ndipo pa ngowe zinayi kapena zisanu mungagoneke ndodo yopepuka ya katani. Mbali ya pepala imene imatsala pamwamba pa kathabwako nthawi zambiri imakhala yopakidwa penti yoyera kale.

Ngati kulibe, gwiritsani ntchito ndodo zokhala ndi sipuling'i m'kati, zimene zimadzigwira zokha pokankha makoma awiri oyang'anizana. Zimagwira bwino pa mipata yaifupi, monga mbali ziwiri za chumuni, koma pa mtunda wopitirira mamita awiri zimayamba kupindika pakati ndipo tsiku lina zimagwa usiku. Pa khoma lalitali, njira yodalirika ndi mizati iwiri kapena itatu yodzigwira pakati pa pansi ndi siling'i, yokhala ndi ndodo yopingasa pamwamba, kapenanso choimika chimene ojambula zithunzi amapachikapo nsalu ya kumbuyo, chimene miyendo yake imabisika kuseri kwa sofa. Pamene ndodo ikukankha pepala, ikanipo kachidutswa ka katoni kapena ka nsalu yokhuthala kuti mphira wa kumapeto kwake usasiye chizindikiro.

Kuti musavutike ndi kusoka, gulani mphete zokhala ndi timano togwira nsalu, n'kuziika motalikirana masentimita 12 mpaka 15. Kumunsi mungapinde ndi tepi yomata ndi simbi yotentha.

Kodi ngowe zomata ndi guluu sizingathandize?

Pa pepala la pakhoma ayi. Ngowe yomata imagwira pepala, osati khoma, ndipo kulemera kwa katani kumakoka pepalalo mpaka kung'ambika. Ngakhale kampani ya 3M, imene imapanga ngowe zomata za Command, imachenjeza kuti zisamatidwe pa mapepala otere. Chimodzimodzinso njira yomata nsalu kukhoma ndi sitachi wamadzi, imene imayenda bwino pa khoma la penti, siyoyenera pano chifukwa madziwo amasungunula guluu wakale wa pepalalo.

Mwini nyumba wandilola kuboola. Ndisamale chiyani?

Choyamba, chilolezocho chikhale cholembedwa, ndipo chinene ngati mudzayenera kutseka mabowo potuluka kapena kusiya njanji ya kataniyo pomwepo. Chachiwiri, samalani ndi mawaya a magetsi. Malamulo a kaikidwe ka magetsi ku Britain amalola kuti mawaya obisika adutse molunjika kumwamba, kumunsi kapena cham'mbali kuchokera pa soketi ndi pa switchi, komanso m'kati mwa masentimita 15 kuchokera ku siling'i ndi kuchokera m'ngodya za makoma. Malo amenewa a kumtunda ndi omwewo amene munthu amafuna kuboolapo poika ndodo ya katani, choncho bwerekani kapena gulani kachipangizo kofufuzira mawaya ndi mapaipi musanayambe, ndipo musaboole pamwamba penipeni pa soketi kapena switchi.

Pa zimene mungapachike, njanji yopyapyala yomangirira ku siling'i ndi imene imabisa khoma lonse bwino, malinga siling'iyo si ya Artex yakale ija ndipo zomangira zalowa m'mitanda yamatabwa, osati m'bolodi lokha. Waya wachitsulo wokoka, monga wa DIGNITET wa ku IKEA, umafuna mabowo ochepa ndipo ndi wotchipa, koma umayenera nsalu zopepuka monga mabedishiti ndi zitenje, ndipo pa khoma lalitali umafunika chogwiriziza pakati.

Nanga ngati pakhomapo pali rediyeta kapena masoketi?

Rediyeta, chitsulo cha pakhoma chotenthetsa chipinda, isaphimbidwe. Katani amene wagwera kutsogolo kwake amatsekera kutentha kuseri, ndipo inu mumalipira gasi wotenthetsa khoma pamene chipinda chikuzizira. Gawani nsaluyo kuti itsike mbali ziwiri za rediyeta, ndipo pamwamba pake muike chidutswa chachifupi kapena chithunzi chachikulu. Chotenthetsera cha magetsi ndiye choopsa kwambiri, ndipo chiyenera kukhala patali mita imodzi kapena kuposerapo ndi nsalu iliyonse, monganso makandulo ndi mbaula. M'khitchini musagwiritse ntchito njira imeneyi n'komwe.

Masoketi akhale pamene zidutswa ziwiri za nsalu zikukumana, kuti muzitha kuwafikira ndi kuwaona. Musasiye machaja kapena mapulagi ambiri olumikizana akutentha kuseri kwa nsalu. Ku England eni nyumba akhala akulamulidwa kuyambira mu 2015 kuika belu lochenjeza za utsi pa nsanjika iliyonse, ndipo tsiku limene mwapachika nsalu yambiri chonchi ndi tsiku labwino lodina batani lake kuti mumve ngati likulira.

Ndapachika, koma maluwa a pepala akuonekerabe. Ndichite chiyani?

Nsalu yanu ndi yopyapyala kapena mapindi ndi ochepa. Musanagule, yalani nsaluyo pa nyuzipepala, ndipo ngati mitu ya nkhani ikuwerengeka, maluwa a pakhoma adzaonekanso. Ngati mwagula kale, pachikani bedishiti yakale yoyera kumbuyo kwake pa mphete zomwezo, kapena onjezerani chidutswa chimodzi kuti mapindi achuluke. Nyale imene yaikidwa pafupi kwambiri ndi katani imathandizanso kuonetsa za kuseri, choncho isunthireni kutsogolo pang'ono.

M'nyumba muli ana aang'ono. Kodi njirayi ndi yabwino?

Mwana amene akuphunzira kuimirira amagwira chilichonse cholendewera, ndipo ndodo ya sipuling'i singapirire kulemera kwake. M'chipinda cha ana gwiritsani ntchito njanji yomangidwa zolimba, kapena ikani kabati ndi mashelefu kutsogolo kwa nsalu kuti asaifikire, ndipo bedi la khanda likhale kutali nayo. Zingwe zokokera ndi zomangira makatani zopanga lupu zisapezeke m'chipindamo, chifukwa zimatha kukola mwana pakhosi. Ngati mwana ali ndi mphumu, sankhani nsalu yopepuka imene imalowa m'makina ochapira mosavuta, ndipo muziichapa pafupipafupi.

Ndikadzafuna kutuluka m'nyumbamo, ndidzachite chiyani kuti dipoziti ibwere yonse?

Ntchito imeneyi imayamba tsiku lopachika, osati lotuluka. Jambulani khoma lonse musanaliphimbe, moyandikira pamene pali pong'ambika, pothimbirira kapena pomatuka, ndipo zithunzizo muzitumize kwa mwini nyumba kapena kwa wothandizira wake kuti tsiku lake lidziwike. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2007 dipoziti imayenera kusungidwa ku limodzi mwa mabungwe ovomerezeka ndi boma, amene ndi Deposit Protection Service, MyDeposits ndi Tenancy Deposit Scheme, ndipo pakabuka mkangano, amene amaweruza amayerekeza mmene nyumba inalili polowa ndi mmene ilili potuluka. Pepala limene linali lakale kale inu polowa silingawerengedwe ngati latsopano, koma umboni wake ndi zithunzi zanuzo pamodzi ndi ndandanda ya katundu ndi maonekedwe a nyumba imene munasaina.

Tsitsani makatani kutatsala sabata imodzi kuti mutuluke, osati m'mawa wa tsiku lobweza makiyi, kuti mukhale ndi nthawi yopukuta fumbi ndi nsalu youma, kutseka mabowo ngati munagwirizana choncho, ndi kumata ndi guluu wa mapepala ngodya iliyonse imene yatukuka. Mphete, ndodo ndi mizati muzimange pamodzi, ndipo pa chidutswa chilichonse cha nsalu mulembepo muyezo wake pa kapepala, chifukwa m'nyumba yotsatira mudzayamba ndi kuyeza khoma n'kuona ngati nsalu zomwezo zikukwanira.